Dirilo, Mpira ndi Mayeso

Inu mafumu ndi alimi a kwa Kasakula, ena a inu mumadandaula kuti mwagulitsa mtedza kulipirira mwana ku sekondale, koma iye angothamangitsa mpira. Tamvani kumene zinachokera.

Amishoni a Dutch anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894. M'sukulu za mishoni ana ankafola pabwalo, kuguba ndi kutambasula manja. Imeneyo ndiyo dirilo. Sekondale zinadza mochedwa, ya Blantyre mu 1940, ya Dedza mu 1951, ndipo kumeneko ana ankaseŵera mpira ndi kuthamanga liwiro.

Gulu la Apayoniya litayamba mu 1963, ena a iwo anatumizidwa m'sekondale kukaphunzitsa maseŵerowa. Anthu ankawaopa, pakuti analinso maso a chipani. Asilikali atawalanda zida mu 1993, dirilo inazilala, ndipo sukulu zambiri zinalimbikira zokhazo zobwera pa mayeso.

Komatu ofufuza apeza kuti nthaŵi ya maseŵero sigwetsa mwana pa mayeso. Wothamanga magazi ake amayenda bwino ndipo m'kalasi amatchera khutu. Chomuwodzeretsa ndi njala, makamaka mu Febuluwale nkhokwe zikapepuka. Tsono aphunzitsi akadzapempha malo a bwalo la mpira, amfumu, apatseni posatsetsereka, ngakhale kuno kumapiri malo otere ndi osoŵa.