Likodzo, impso ndi anthu amene anafufuza gombe la Mangochi

M'chaka cha 1910, dokotala wina dzina lake Marc Armand Ruffer, amene ankagwira ntchito ku Egypt, anadula tizidutswa ta impso za mitembo iwiri youmikidwa ya anthu amene anamwalira zaka pafupifupi 3,000 zapitazo, n'kutiunika pamakina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Mkati mwake anapezamo mazira ouma gwa a nyongolotsi ya likodzo. Umboni wakale chonchi wa nthendayi unapezeka m'impso, chiwalo chimene ife a kunyanja sitichiganizira n'komwe mwana akabwera kudzanena kuti wakodza magazi.

Kuno timati likodzo ndi matenda a ana. M'midzi ina makolo ankafika pokhulupirira kuti mnyamata akayamba kukodza magazi ndiye kuti akukula. Magaziwo amachepa okha munthu akamasinkhuka, ndipo nkhani imaiwalika. Koma mazira aja satuluka onse ndi mkodzo. Ambiri amakanirira m'khoma la chikhodzodzo ndi m'timachubu tiwiri timene timatsitsa mkodzo kuchokera kuimpso. Thupi limawazinga ndi zipsera, njira imapanikizika, mkodzo umabwerera m'mbuyo, impso n'kufufuma mwakachetechete. Pamene miyendo ikuyamba kutupa, munthuyo ali ndi zaka makumi anayi, ali ndi bwato lake ndi ana ake, ndipo palibenso amene akukumbukira za magazi a paubwana aja. Kwa ena mapeto ake amakhala khansa ya m'chikhodzodzo.

Nyongolotsiyo anaitulukira Theodor Bilharz wa ku Germany, mumzinda wa Cairo mu 1851. Panatha zaka zoposa 60 anthu akukanganirana za momwe imalowera m'thupi, mpaka mu 1915 pamene Robert Leiper anatsimikiza kuti imayamba yakulira m'nkhono za m'madzi, kenako tiana take timaboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Mankhwala akale anali jakisoni woopsa amene ankadwalitsa wodwala kale. Mpumulo unadza ndi praziquantel, amene makampani a Bayer ndi Merck anapanga m'zaka za m'ma 1970, mapiritsi omwewa amene lero aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo amagawa m'sukulu atamuimika mwana pandodo yoyezera msinkhu.

Kwa nthawi yaitali chikhulupiriro chinali chakuti likodzo la ku Malawi limakhala m'madambo, m'timitsinje ndi m'zithaphwi, pamene nyanja yeniyeni, ya mchenga woyera ndi mafunde a mwera, ndi yaukhondo. Alendo ankauzidwa zomwezo. Mu 1985, ofufuza awiri, Teesdale ndi Lester Chitsulo, Mmalawi amene pambuyo pake anakagwira ntchito kulikulu la World Health Organization, analemba chithunzithunzi cha nthendayi m'dziko muno. Koma chimene chinagwedeza dziko lakunja chinachitika mu 1992. Achinyamata awiri a ku America a m'gulu la Peace Corps, amene anasambirako ku Cape Maclear, anadwala likodzo lofika mu ubongo ndi mumsana. Martin Cetron ndi anzake a ku CDC, bungwe la boma la America loona za matenda ku Atlanta, anayeza magazi a anthu 955 ochokera kunja amene ankakhala m'dziko muno, n'kupeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi zizindikiro za likodzo. Zotsatirazo zinatuluka m'magazini ya madokotala ya ku London ya The Lancet mu 1996.

Ine zimandipweteka ndikafika pamenepa. Ana a ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, anali atakodza magazi kwa zaka zambiri, koma panafunika kuti alendo awiri adwale kuti dzina la mudzi wawo liwerengedwe ku London ndi ku Atlanta. Komabe sindinganyoze zimene zinatsatira, chifukwa kafukufuku amene anabadwa pamenepo ndi wochititsa chidwi kwambiri pa zonse zimene zinachitikapo pagombe lino.

Jay Stauffer wa ku Penn State University sanali dokotala wa anthu. Anali katswiri wa nsomba, amene anatha zaka zambiri akumira pansi pa madzi ku Nankumba, dera lomwe kuli Cape Maclear, kuwerenga mitundu ya nsomba. Iye anaona zinthu ziwiri zikuchitika nthawi imodzi: nsomba zodya nkhono, makamaka ija akatswiri amaitcha Trematocranus placodon, zinali kutha m'madzi osaya a kugombe, ndipo nkhono zinali kuchuluka pamchenga. Mu 1997 iye ndi anzake analemba maganizo awo akuti kupha nsomba mopyola muyeso, makamaka ndi makoka a maso ang'onoang'ono okokera kumtunda, ndi kumene kunatsegulira likodzo khomo. Mu 2001, Henry Madsen wa ku Denmark ndi anzake anapeza chidutswa chimene chinkasowa. Nkhono imene inkadziwika kale kuti imanyamula likodzo, Bulinus globosus, imakonda madzi odekha a m'mabango. Iwo anaonetsa kuti ina, Bulinus nyassanus, imene imakhala pamchenga poyera m'nyanja mwenimwenimo, nayonso imanyamula. Choncho mwana wosambira pamalo ooneka oyera bwino sanali wotetezeka.

Taganizirani kulemera kwa mfundo imeneyi kwa msodzi. Akuuzidwa kuti khoka lomwe likudyetsa banja lake ndi lomwenso likuchotsa alonda a m'madzi amene ankateteza chikhodzodzo cha mwana wake. Chembe ali mkati mwa dera la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, koma lamulo la papepala silithetsa njala ya lero. Ndi chifukwa chake kuchira kwa gombe kwakhala kovuta: mwana amamwa mapiritsi Lolemba, Loweruka wabwerera m'madzi omwewo.

Chimene chasintha m'zaka makumi awiri zapitazi n'chakuti mayina a Amalawi ayamba kutsogola pamapepala. Peter Makaula, amene wachita kafukufuku wambiri m'midzi ya Mangochi, anatsogolera gulu limene mu 2014 linasonkhanitsa zonse zimene zinalembedwapo za likodzo m'Malawi n'kuziunika pamodzi, m'magazini ya Parasites & Vectors. Ntchito yotere siioneka yapamwamba, koma ndi imene wofufuza aliyense watsopano amayambirapo, ndipo inaonetsa kuti m'malo ena anthu oposa 90 mwa 100 alionse amene anayezedwa anali ndi likodzo la m'chikhodzodzo.

Mmodzi mwa olemba nawo anali Dr Sekeleghe Kayuni. Iye anasankha mbali imene amuna sakonda kuikamba. Kuyambira chakumapeto kwa 2017, mogwirizana ndi Russell Stothard wa ku Liverpool School of Tropical Medicine, anayamba kuyeza asodzi a m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, osati mkodzo wokha komanso umuna, n'kumawaunikanso m'mimba ndi makina. Pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse amene anapereka umuna anapezeka ndi mazira a likodzo m'menemo. Amene akudziwa mudzi wa asodzi angamvetse kuti kupempha bambo wamkulu kuti apereke zoterezi si masewera; pamafunika ulemu, kuleza mtima ndi chilolezo cha mafumu. Zizindikiro zimene amuna ankazibisa, kapena kuziyesa matenda opatsirana pogonana, kapena kupita nazo kwa sing'anga, zinapeza dzina ndi mankhwala.

Chaka chomwecho cha 2017, gulu lomweli linapeza pagombe la Mangochi nkhono ina, Biomphalaria pfeifferi, imene imafalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo ana a sukulu atayezedwa anapezeka nalo. Kenako kunadza ntchito ya HUGS, imene Janelisa Musaya wa ku Malawi-Liverpool-Wellcome anatsogolera limodzi ndi Stothard ku Mangochi ndi ku Nsanje, yofufuza nyongolotsi zosakanizika, zobadwa pamene likodzo la anthu lakwerana ndi la ziweto. Ng'ombe zimamwa padooko lomwe amayi amatsukapo mbale.

Nanga impso zikafooka, munthu wa ku Makanjira kapena ku Malembo amapita kuti? Makina osefa magazi a boma akhala akupezeka ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Kuchokera ku Mangochi boma kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo wodwala amafunika kukhala pamakinawo maola anayi, kawiri kapena katatu pasabata, moyo wake wonse. Kwa msodzi zimenezi zikutanthauza kusiya nyanja, kusiya mudzi. Kafukufuku wa Rhys Evans, Ulla Hemmilä, Gavin Dreyer ndi anzawo ku Queens, amene anatuluka mu 2017, anapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse ogonekedwa m'mawodi a akuluakulu anali ndi impso zimene zafooka mwadzidzidzi, kawirikawiri chifukwa cha matenda olowa m'magazi ndi kutha madzi m'thupi, ndipo oposa anayi mwa khumi a iwowa anamwalira m'chipatala momwemo. Gulu lomweli linayesanso kapepala kodziwira vuto la impso kudzera m'malovu, poganizira zipatala zing'onozing'ono zopanda labotale. Mu 2022, kafukufuku wa ARK, amene anachitika m'Malawi, Uganda ndi South Africa, anaonetsa kuti masamu amene madokotala amagwiritsa ntchito poyerekeza mphamvu ya impso, opangidwa poyeza anthu a maiko ena, amaonetsa impso za anthu akuno ngati zamphamvu kuposa mmene zilili. Choncho odwala ena akhoza kubwezedwa kunyumba atauzidwa kuti ali bwino.

Si impso iliyonse yofooka imene yaphedwa ndi likodzo. Shuga, kuthamanga kwa magazi, malungo aakulu ndi HIV zili ndi gawo lake lalikulu. Koma pagombe lino mitsinje iwiri ya kafukufukuyi, wa nkhono ndi wa impso, ikuyenera kukumana, ndipo ndikulakalaka wofufuza wachinyamata wa ku Kamuzu University of Health Sciences, imene ophunzira ake amabwera kuno kudzaphunzira zaumoyo wa m'midzi, atanyamula makina ounikira m'mimba n'kupita ku Chembe. Ana amene Madsen ndi anzake anawapeza akusambira pamchenga uja cha m'ma 2000, lero ndi abambo ndi amayi a zaka za m'ma 30. Ambiri akadali pomwepo, ena akuyanika usipa pamathandala, ena akusoka maukonde podikira kuti mwera udekhe.