Mmene olemba za jazz anakanira chimbale cha On the Corner

Mu Okutobala 1972 kampani ya Columbia inatulutsa On the Corner, chimbale cha katswiri wa lipenga Miles Davis, ndipo olemba za jazz ambiri ku America anachinyoza kotheratu. Ena anati ndi phokoso longobwerezabwereza, ena anati mkuluyu wataya luso lake pothamangira ndalama za achinyamata. Pa mndandanda wa Billboard wa zimbale zoyenda malonda chinangofika pa nambala 156. Koma mu 2007, Davis atamwalira kalekale, kampani yomweyo inatulutsa bokosi la ma CD 6 a zimene anajambula m'nyengo imeneyo, ndipo olemba a m'badwo watsopano anachikweza pamwamba. Kulephera kwa mu 1972 kunali kwa ntchito younika nyimbo, chifukwa muyeso umene olembawo anazolowera sunkagwira pa chimbale chotere.

Wounika jazz wa nthawi imeneyo anakula akumvetsera woimba mmodzi akulankhula yekha ndi chida chake, anzake akumuperekeza, kenako n'kulemba za luso la munthuyo. Apa Davis anamulanda zonsezo. Lipenga lake linkadutsa m'kachipangizo ka wah-wah kopondedwa ndi phazi, moti pena sulisiyanitsa ndi gitala, komanso limamveka mwa apo ndi apo. Michael Henderson, amene Davis anamutenga m'gulu la Stevie Wonder, amabwereza kamzere kamodzi ka besi kwa mphindi zambirimbiri, ng'oma za tabla za Badal Roy zikulukana ndi za Jack DeJohnette. Pambuyo pake wokonza chimbalecho Teo Macero ankadula tepi ndi kuilumikiza mu situdiyo, kotero chimene chinatuluka sichinaimbidwe chonchi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chowawa kwambiri kwa olemba chinali chikuto: panali zithunzi zojambula pamanja za Corky McCoy, koma mayina a oimba panalibe. Munthu amene ntchito yake ndi kugawa mamalikisi kwa woimba aliyense anatsala manja lende.

Pali otsutsa amene amati kutamanda kwa lero n'kolemekeza dzina la Davis chabe, popeza ngakhale achinyamata akuda okonda James Brown ndi Sly Stone, amene iye ankawafuna, sanachigule. Mbali yachiwiriyi ndi yoona, ndipo kudandaula kwa Davis kuti Columbia sinachitsatse kwa anthu oyenera sikufotokoza zonse. Head Hunters ya Herbie Hancock, amene anaimba nawo pa On the Corner, inatuluka mu 1973 n'kugulidwa kwadzaoneni chifukwa inali yosavuta kuvina. Koma mbali yoyambayo ndi yofooka. Amene anayamba kuchikumba chimbalechi anali oimba hip hop ndi opanga nyimbo pa makina, anthu amene kudula ndi kubwereza mawu ojambulidwa ndiyo ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Olemba za jazz anabwera m'mbuyo mwawo.