Mbiri ya Kuitana Elk pa Ulenje wa Uta

M'mapiri a kumadzulo kwa America muli nyama yotchedwa elk, imene pa kulemera ipambana ngoma koma siifika pa ntchefu. Mphongo yake ili ndi nyanga zanthambi zimene zithothoka chaka ndi chaka. M'mwezi wa September, nyengo yokwerana, mphongo ilira mokweza ndi mau oyamba ngati kubangula ndi kutsiriza ngati likhweru, kuti ikope zazikazi ndi kuopseza mphongo zinzake. Mlenje wodziwa kutsanzira kulira kumeneku sapita kwa nyama. Nyama ndiyo idza kwa iye.

Azungu atafika ndi mfuti, luso lotere linachepa ntchito, pakuti chipolopolo chifika patali. Nyamazo zinaphedwa kopanda chifundo, kotero kuti pofika chaka cha 1900 zinatsala zosakwana 100,000, ndipo boma linaika malamulo ozitchinjiriza.

Uta unabwerera mwa njira yodabwitsa. M'chaka cha 1911 munthu wotsiriza wa fuko la Yahi, amene anamutcha Ishi, anatuluka m'thengo ku California. Iyeyu anaphunzitsa sing'anga wake, Saxton Pope, kusema uta ndi kuitana nyama. Ankayamwa tsamba lopinda pamilomo nalira ngati kamwana ka gwape, kufikira make atathamangira pomwepo. Pope analemba zimenezi m'buku lake la 1923, ndipo mu 1934 chigawo cha Wisconsin chinapatula nyengo ya alenje a uta okha. Zigawo za kumapiri kumene kuli elk zinatsatira pambuyo pake.

Tsono muvi suli chipolopolo. Mlenje ayenera kufika pa mayadi 30 kapena 40, ndipo nyama yonunkhiza ngati elk siilola kuwenderedwa chotero. Apa ndipo kuitana kunapezanso malo. Poyamba ankaliza zitoliro wamba, koma m'zaka za m'ma 1980 Wayne Carlton anafalitsa kachipangizo ka mphira koika m'kamwa, kamene kasiya manja onse awiri pa uta.

Komatu nyama nayo iphunzira. Kumene alenje aliza kawirikawiri, mphongo zazikulu zileka kuyankha, zingokusa zazikazi zao ndi kuchoka mwakachetechete. Chifukwa chake ambiri masiku ano atsanzira kulira kofatsa kwa yaikazi, mmodzi naitana ali kumbuyo, mnzake atabisala patsogolo, mphepo ikuomba kuchokera kwa nyama. M'nkhalango yosungidwa ya Yellowstone kuitana elk nkoletsedwa ndi lamulo.