Diso la Mmisiri Wosema Mauta ku England

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu ukadamveka bwino kwa amisiri osema mauta a ku England a zaka za pakati pa 1300 ndi 1600. Mitengo inkawafika itadulidwa kale, ina ili zipika, ina itang'ambidwa, yopanda tsamba kapena chipatso choizindikirira. Chotsala chidali khungwa, maonekedwe a podulapo ndi kulemera kwake. Komatu mmisiri akaphonya posankha, uta unkathyokera m'manja mwa msilikali adani ali pafupi.

Luso losankha mtengo wa uta ndi lakale zedi ku Ulaya. Ku Holmegaard m'dziko la Denmark kudapezeka mauta a zaka pafupifupi 9,000 osemedwa kuchokera ku mtengo wotchedwa elm. M'chaka cha 1991, pamwamba pa mapiri a Alps, kumalire a Italy ndi Austria, padapezeka mtembo wa munthu amene adafa zaka zoposa 5,000 zapitazo. Pambali pake padali uta wosamaliza kusema, wotalika mamita 1.8, wa mtengo wina wotchedwa yew. Nako ku Wales, m'busa wina dzina lake Gerald, amene adayendera dzikolo m'chaka cha 1188, adalemba kuti amuna a ku Gwent ankagwiritsa ntchito mauta a elm, osasalala koma amphamvu. M'kupita kwa nthawi, mtengo umene udaposa yonse pa mauta ankhondo udali wa yew.

Chinsinsi cha mtengowu chagona pa zimene zimachitika uta ukamakokedwa. Msana wa uta, mbali yoyang'ana kumene muvi ukupita, umatamuka, pamene mimba yake, mbali yoyang'ana kwa woponya, imapanikizika. Mtengo wa yew uli ndi zigawo ziwiri zoyenerera ntchito ziwirizi. Pansi pa khungwa pali mnofu woyera umene umalola kutamuka osaduka, ndipo m'kati muli mtima wofiirira umene umapirira kupanikizika. Mmisiri ankang'amba chipika mwanzeru kuti mnofu woyera ukhale kumsana, mtima ukhale kumimba. Motero mtengo umodzi unkagwira ntchito ngati mitengo iwiri yomatidwa pamodzi.

Nanga mmisiri ankauzindikira bwanji mtengowu? Poyamba ankayang'ana khungwa. La yew ndi lopyapyala, lofiirira, ndipo limafundukafunduka tizibenthu. Kenaka ankayang'ana podulapo. Pamenepo pamaoneka mkombero woyera wochepa utazinga mtima wofiirira, malire ake oonekeratu ngati wina wachita kulemba. Ngakhale masamba ake amafanana ndi a mitengo ya paini, yew satuluka utomoni wonata m'manja. Mtengo wa ash, umenenso ankasemera mauta, ndi woyererako pafupifupi monse, ndipo podula pake pamaoneka timabowo ting'onoting'ono tondandalikana mozungulira. Wa elm umadziulula wokha pong'amba, pakuti mitsempha yake ndi yolukanalukana ndipo imakanira nkhwangwa.

Kudziwa dzina la mtengo kudali chiyambi chabe, popeza si yew aliyense amene ankabala uta wabwino. Mtengo umaonjezera mzere umodzi wozungulira chaka ndi chaka, ndipo amisiri ankafuna chipika cha mizere yothithikana, chizindikiro chakuti mtengowo udakula pang'onopang'ono. Yew wa ku England nthawi zambiri ankakhala wokhotakhota ndi wamfundo zambiri, choncho wotamandika adali wochokera ku Spain, ku Italy ndi kumapiri a Alps. Roger Ascham, m'buku lake lotchedwa Toxophilus la m'chaka cha 1545, adalangiza kuti uta wochokera ku thunthu umaposa wochokera ku nthambi, ndiponso kuti mauta a elm ndi ash sangafanane ndi a yew. Mtengo ukasankhidwa unkaumitsidwa nthawi yaitali usanasemedwe. Pamene pali mfundo, mmisiri ankasiyapo nyama yochulukirapo kuti uta usadzathyokere pomwepo.

Mauta amenewa ndiwo adathandiza Angerezi kugonjetsa Afalansa ku Crécy m'chaka cha 1346 ndi ku Agincourt m'chaka cha 1415, ngakhale kuti Afalansawo adali ochuluka. N'chifukwa chake mafumu adalowererapo pa nkhani ya mitengo. M'chaka cha 1363, Mfumu Edward III idalamula kuti amuna aziphunzira kuponya mivi pa masiku a tchuthi. M'chaka cha 1472 padakhazikitsidwa lamulo lakuti amalonda ochokera kumaiko kumene yew ankapezeka azibweretsa mitengo inayi ya mauta pa tani iliyonse ya katundu wawo. Pofika 1483, lamulo lina lidafuna mitengo khumi pa mgolo uliwonse wa vinyo wa mitundu ina.

Koma ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Yew ndi mtengo wochedwa kukula, ndipo pa mtengo wathunthu pankapezeka zigawo zochepa zoyenera uta. Odula mitengo adalowerera m'nkhalango za ku Austria ndi Bavaria. M'chaka cha 1562, boma la Bavaria lidadandaula kwa mfumu yaikulu ya maderawo kuti kudulako kuleke, ndipo pofika 1568 yew wokhwima adali atasowa kumeneko. Ku England nako, mu ulamuliro wa Henry VIII, amisiri adalamulidwa kuti pa uta uliwonse wa yew azisemanso ena a elm, ash ndi mitengo ina, kuti anthu wamba apeze otsika mtengo. Mfuti nazo zidali zikufalikira, kotero kuti m'chaka cha 1595 akuluakulu a boma adalamula kuti zilowe m'malo mwa mauta pakati pa asilikali ophunzitsidwa.

Umboni wa diso la amisiriwa udasungika pansi pa nyanja. Sitima yankhondo ya Henry VIII yotchedwa Mary Rose idamira pafupi ndi Portsmouth m'chaka cha 1545, ndipo idavuulidwa mu 1982. M'matope mwake mudapezeka mauta athunthu 137 ndi mivi yoposa 3,500. Mautawo adali a yew, otalika pafupifupi mamita awiri. Pambuyo pa zaka zoposa 400 ali m'madzi, mnofu woyera udali ukuonekabe kumsana, mtima wofiirira kumimba, monga momwe mmisiri adaziikira.

Mbiri imatchula maina a mafumu amene adapambana nkhondo, koma kupambanako kudayambira pa munthu wosatchuka amene adawerama pa chipika ndi kuwerenga mizere yake molondola. Tsoka lake n'lakuti nzeru yozindikira mtengo woposa yonse siidayendere limodzi ndi nzeru youteteza. Amisiri adadziwa chimene ankafuna, amalonda adadziwa kumene chinkapezeka, ndipo nkhalango za yew za pakati pa Ulaya sizidabwerere mwakale kufikira lero.