Kuyeza atsikana amasewera amene sakudya mokwanira

Mtsikana wothamanga kapena wosewera mpira wamanja akamadya chakudya chosakwanira mphamvu zimene akugwiritsa ntchito, thupi limayamba kuchepetsa ntchito zina. Msambo umatha kusiya, ndipo mafupa amafooka. Mu 2014 bungwe la International Olympic Committee linatcha vutoli RED-S.

Sikelo yokha singatiuze zoona, chifukwa mwana akhoza kukhala ndi vutoli koma osawonda. N'chifukwa chake akatswiri amayeza mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu ali phee. M'mawa asanadye, mtsikanayo amagona chagada n'kumapumira m'makina oyeza mpweya wolowa ndi wotuluka. Zotsatira amaziyerekeza ndi zimene zimayembekezeka pa thupi ngati lake. Zikapanda kufika 90 pa 100 alionse, amakayikira kuti chakudya chikuchepa, ndipo amayezanso magazi ndi kulimba kwa mafupa.

Kumudzi nkhani za msambo timasiyira azakhali ndi anankungwi, koma kunja kuno ambiri tilibe. Tizifunsa tokha ife makolo. Mwana akatha miyezi itatu osasamba, kapena fupa likachita mng'alu osagwa, tipite naye kwa dokotala.