Mlonda wa ndege za ku Kumalo

Atate anafika mu Livingstone muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, kuchokera kwathu ku Katete, Boma lathu nthawiyo lili Fort Jameson, komwe inu adzukulu mukuti ku Chipata. Chinawachotsa pamudzi ndi msonkho, monga anyamata onse a msinkhu wawo. Tauni ino inali likulu la Northern Rhodesia yense, bwanamkubwa akukhala kuno, ndipo pamene likulu linkasamukira ku Lusaka mu 1935 iwo anali atazolowera kale kusenza matabwa ku Zambezi Saw Mills. Mitengo ya mukusi inkabwera pa sitima kuchokera ku Mulobezi n'kumachekedwa kuno. Kumene aphunzitsi anu amakutengerani kukaona mitu ya sitima zakale kuja, n'kumene agogo anu aakuluwo anakhetsera thukuta. Boma litachoka tauni inazizira, ntchito zinachepa, ndipo anyamata a m'komboni ya Maramba anayamba kuponya maso kutsidya kwa mlatho, ku Southern Rhodesia. Atate nawo anatenga chitupa n'kukwera sitima ya ku Bulawayo. Nkhondo ya Hitler inawapeza kumeneko.

Ife tikukula, komboni yonse inkawatchula kuti "a Ndege". Akalawako pang'ono Loweruka ankati, "Ine nkhondo ndinaimenyera pansi pa phiko la ndege." Aliyense ankamva zakezake. Ena ankafalitsa kuti anakaponya mabomba ku Germany, ena ankati ndi bodza la kumowa, munthu wakuda angakwere bwanji ndege ya Mfumu George. Atate sankatsutsa aliyense. Ankangoseka n'kupempha fodya.

Amene anthu ankawapatsa ulemu wa usilikali anali amalume, mlongo wawo wa amayi. Iwo analowa Northern Rhodesia Regiment, gulu limene perete yake inkayenda m'Chinyanja chathu chomwechi, ndipo mu 1944 anakafika ku Burma, m'chigwa cha Kabaw cha mvula ndi malungo, mpaka kumtsinje wa Chindwin. Novembala akafika ankapukuta mamendulo awo, pakati pake pali nyenyezi ya Burma, anthu n'kumawapatukira njira. Nkhondo ya amalume mayina ake mumawamva tsiku ndi tsiku ngakhale simunatsegule buku la mbiri: Arakan ku Lusaka, Tug Argan ndi Kalewa ku Ndola, Chindwin ku Kabwe, Gondar ku Chipata, yonseyo misasa ya asilikali. Ya atate inali m'sutikesi ya malata kunsi kwa bedi. Munali pepala limodzi lopindapinda lokhala ndi nambala ndi chidindo cha chala chawo, lamba wakhaki, ndi chithunzi chofwifwa cha asilikali akuda ataima njo kutsogolo kwa ndege ya mainjini awiri.

Zimene ndikukuuzanizi, zina ndinazimva pakamwa pawo, zina ndinachita kutola nditakula. Nkhondo itabuka mu 1939, Angerezi anaona kuti kwawo sangaphunzitsireko bwino anyamata kuulutsa ndege: dziko laling'ono, thambo la mitambo, adani ali pafupi. Anayang'ana maiko akutali otakasuka, Canada, Australia, South Africa ndi Southern Rhodesia. Kutsidyaku sukulu yoyamba inatsegulidwa ku Belvedere, mu Salisbury, mu Meyi 1940. Kenako mabwalo anangomera motsatizana, Cranborne, Mount Hampden ndi Norton cha ku Salisbury, Thornhill, Guinea Fowl ndi Moffat cha ku Gwelo, Induna, Kumalo ndi Heany cha ku Bulawayo. Pomwe nkhondo inkatha anali ataphunzitsa oulutsa ndege oposa 7,600 ndi olozera njira pafupifupi 2,300. Mabwalowo sanadzilambule okha ayi. Mafumu analamulidwa kupereka anthu, ndipo amene anagwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kugumula zulu anali anthu akuda a chibalo, makasu ndi mapiki ali m'manja.

Mabwalo atatha panafunika alonda. Mu 1941 kunakhazikitsidwa gulu la Rhodesian Air Askari Corps, la anthu akuda olamulidwa ndi maofisala achizungu, ena onyamula mfuti, ena ogwira ntchito zamanja. Atate analowa mbali ya mfuti ndipo anawatumiza ku Kumalo.

Ku Kumalo kunkabwera anyamata odziwa kale kuulutsa tindege ting'onoting'ono ta Tiger Moth, kudzaphunzira ya mainjini awiri yotchedwa Oxford, ndipo ambiri opambana pamenepo njira yawo inali yopita ku ndege zikuluzikulu za mabomba. "Anali ana okhaokha," ankatero atate. "Ena ndevu analibe. Ankapsa ndi dzuwa mpaka kusupuka mphuno, n'kumatifunsa ngati kuseri kwa mpanda kuli mikango." Ntchito ya atate inali ya usiku makamaka: kuzungulira ndege zofoledwa pamzere, kuyang'anira matanki a petulo, kuletsa aliyense kuyatsa ndudu pafupi. Chisanu cha Juni ndi Julayi ku Bulawayo chimaluma, ndiye mphepo ikakula ankakhala pansi pa phiko, pafupi ndi injini imene inali isanazizire. Usiku wa maphunziro nyale za palafini zinkandandalikidwa m'mbali mwa msewu wa ndege, ndege n'kumanyamuka ndi kutera mpaka mbandakucha. Ndipo ndege ikagwa kuthengo, pakuti zinkagwa ndithu, amene ankatumidwa kukagona pambali pa zidutswa zake kuti anthu asatolepo kanthu mpaka akuluakulu adzafufuze anali alonda omwewa. Nkhani imeneyi atate ankaikamba kamodzikamodzi, ndipo akangoiyamba amayi ankatituma kumpope.

Atate anamwalira sutikesi ili kunsi kwa bedi, ine ndili kalikiliki ndi ntchito ya njanji ndi kulera makolo anuwa. Amene anandidzutsa ndi mlendo. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Nditapuma ntchito ndinkanyamula alendo pa galimoto kupita nawo ku Mosi-oa-Tunya, ndipo tsiku lina anakwera mzungu wa imvi wochokera ku England, atakumbatira buku la chikuto cholimba ngati khanda. Bambo ake anaphunzira ku Kumalo, ndipo patchuthi anakwera sitima ndi anzawo kudzaona mathithi, monga ankachitira anyamata ambiri a m'mabwalo aja. Iye ankafuna kukaima pomwe bambo akewo anajambulitsa. Titafika ananditsegulira bukulo. Ulendo uliwonse umene anauluka unalembedwamo, tsiku, nambala ya ndege, dzina la mphunzitsi, maola. Masamba oyamba anali a ku Rhodesia okhaokha. Chakumapeto kunali mayina a mizinda ya ku Germany, maulendo a usiku olembedwa ndi inki yofiira.

Anandifotokozera kuti ndege ya mabomba ya Lancaster inkanyamula anthu 7: woulutsa, woyang'anira mainjini, wolozera njira, woponya mabomba, wa wayilesi, ndi a mfuti awiri, wina pamsana wina kumchira. Munthu ankayenera kukwanitsa maulendo 30 asanamupumitse, ndipo ambiri sankafikapo. Mwa anthu pafupifupi 125,000 amene anauluka mu Bomber Command, gulu la ndege za mabomba la Angerezi, 55,573 anafa. Panalinso gulu lotchedwa 44 (Rhodesia) Squadron, la chizindikiro cha njovu, loyamba kulandira Lancaster. Pa 17 Epulo 1942 ndege zake 6 zinanyamuka masanasana kukaphulitsa fakitale ku Augsburg, akutsogolera John Nettleton, ndipo inabwerako imodzi yokha. Anyamata amenewo ndimawamvera chisoni, komanso musaiwale kuti pansi pomwe mabomba ankagwera, ku Hamburg ndi ku Dresden, panali amayi ndi ana. Koma chimene chinandilasa mtima tsikulo chinali china. Munthu uyu ankatha kukuuza kumene bambo ake anali usiku uliwonse umene anauluka. Zolemba za magulu awo zimasungidwa ku Kew, mu London, ndipo amene anafa mayina awo ali pa zipupa zachitsulo ku Lincoln. Ndinamuuza za atate. Anakhala duu, kenako anawerenga miyezi m'bukumo n'kunena kuti mwina ndege imene bambo ake ankaulutsa m'mawa ndi yomwe atate ankailondera usiku. N'zotheka. Koma m'bukumo munalibe tsamba la alonda.

Musaganize kuti m'ndege zija munalibiretu munthu wakuda. Johnny Smythe wa ku Sierra Leone anali wolozera njira m'ndege ya mabomba, anagwetsedwa ku Germany mu 1943 n'kukhala mkaidi mpaka nkhondo itatha. A ku West Indies analiponso. Koma kuno kwathu khomo limenelo linali lotseka. Wakuda ankaloledwa kulambula bwalo, kuphika, kuchapa, kulondera. Kukwera ayi.

Kufufuza kwanga ndinayambira pafupi, ku Livingstone Museum, komwe ndinawerenga buku la W. V. Brelsford la 1954 lofotokoza mbiri ya Northern Rhodesia Regiment. Ulendo wa gulu la amalume ndinaulondola bwinobwino m'menemo, mtsinje ndi mtsinje. Ku National Archives ku Lusaka ndinavundukula Mutende, nyuzipepala imene Boma linkasindikizira anthu akuda kuyambira 1936, m'Chingerezi, Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi, yomwe m'zaka za nkhondo inkadzaza ndi nkhani za asilikali. Koma atate analembedwa usilikali kutsidya, pansi pa boma lina, ndiye mapepala a dziko lino sakanawadziwa.

China chovuta ndi dzina. Kalaliki ankalemba mmene khutu lake lamvera. Munthu mmodzi ankakhala ndi dzina lina pa chitupa, lina kuntchito, lina kutchalitchi, ndipo ena ankasinthira dala pozemba msonkho kapena bwana amene anamuthawa kontrakiti isanathe. Pa pepala la atate pali dzina limodzi lokha, la paubwana, lopotoka kalembedwe, chiwongo chathu palibe. Ngakhale mamendulo a amalume, wowatola panjira sangadziwe mwini wake, chifukwa Angerezi mamendulo a nkhondo yachiwiri ankawapereka opanda dzina. Zimene sizisintha ndi nambala, dzina la mfumu ndi la Boma la kwanu.

Ndipo zimenezi sizinayambe ndi nkhondo ya Hitler. Mukapita kumathithi mbali yathu ino, chakum'mawa, pali chipilala cha nkhondo yoyamba chimene anachivundukula mu 1923. Mukaime muwerenge. Azungu analembedwa mmodzimmodzi, dzina ndi dzina. Asilikali akuda anangowaunjika m'chiwerengero. Ku Mbala, komwe kale kunali Abercorn, chipilala cha amtengatenga chimatchula anthu 1,467, koma dzina ngakhale limodzi palibe. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu a ku Africa zikwizikwi a nkhondo imeneyo sanakumbukiridwe mofanana ndi azungu. Ine nditamva ndinati zikomo povomera, koma amene akanatiuza mayinawo tinawaika kale.

Zenizeni za atate ndinakazipeza ku komboni ya Libuyu, pakhonde la nkhalamba ina yachilozi imene anthu anandilozera kuti nayonso inali ya ndege. Maso anali atachita khungu, koma nditawerenga nambala ya atate, agogowo anadzuka pampando n'kutchula yawo mokweza monga pa perete. Manambalawo anali oyandikana kwambiri, kusonyeza kuti analembedwa nthawi imodzi. Ndinawafotokozera nkhope za pachithunzi chija, iwo n'kumandiuza: wamtaliyo anali sajeni, Mndebele waukali, wa kumapetoyo Mnyasa wa ku Dedza amene sanabwererenso kwawo. Atate anawakumbukira chifukwa cha kuimba, akuti ankaimba chapansipansi usiku wonse pothamangitsa tulo. Anakumbukiranso kuti tsiku lina anawadula malipiro chifukwa chokoleza kamoto kuseri kwa shedi ya ndege chisanu chitawakwana. Zimenezi atate sanatiuzepo.

Kenako agogowo anafika pa nkhani ija amayi ankatithamangitsira kumpope. Panali mnyamata wina wachingerezi amene akatsika ndege usiku ankaima pa atate n'kuwapatsa ndudu kuti akasute m'mawa, ndipo anali ataphunzira kupereka moni m'Chinyanja. Usiku wina ndege yake inagwa kuthengo n'kuyaka. Otumidwa kukalondera anali atate ndi agogo achiloziwo. Mitembo inali itachotsedwa kale, koma atate anazindikira nambala ya pamchira. Usiku umenewo sanaimbe. Mnyamatayo anaikidwa ku manda a Athlone mu Bulawayo, nkhondo yeniyeni asanaione.

Atate anabwerera mu Livingstone nkhondo itatha, ndi kandalama kamene kanangokwana njinga ndi mabulangete awiri. Ntchito anaipezanso ku matabwa, kenako anakwatira amayi.

Tsopano iwe mdzukulu wanga wa kuyunivesite, miyendo yangayi siingafikenso kutali. Mapepala a boma la Southern Rhodesia ali ku National Archives of Zimbabwe mu Harare. Ukapita usakayambe ndi dzina. Ukapereke nambala, ukatchule Air Askari Corps, Kumalo, chaka cha 1941 kupita m'tsogolo, kenako mfumu yathu ndi Boma la Fort Jameson. Pepala lenilenilo usanyamule, langotsala pang'ono kung'ambika m'mapindo, ulijambule pa foni. Ndipo ukadutse ku Bulawayo, ukafunse dera la Khumalo, ukaone pomwe panali bwalo.