M'mene Mbiri ya ku Chipata Inalowera m'Mabuku

Mzinda wa Chipata unayamba m'caka ca 1899, ndipo dzina lace loyamba linali Fort Jameson. M'caka comweco amishoni a Dutch Reformed Church anamanga pa Magwero, ndipo mu 1903 anatsegula Madzimoyo. M'sukulu zao ana a Angoni ndi a Acewa anaphunzira kuwerenga m'Cinyanja. Mabuku ambiri anali kucokera ku Nyasaland, kumene amishoni a mpingo womwewo anali ndi makina osindikizira pa Nkhoma, ndipo mu 1922 linaturuka Buku Lopatulika lathunthu.

Koma kuwerenga ndi kwina, kulemba ndi kwina. Oyamba kulemba mbiri ya dziko lino anali alendo. Nkhondo ya mu 1898, imene inathyola mphamvu ya Mpezeni ndi kuphetsa mwana wace Nsingu, inayamba kulembedwa ndi iwo amene anapambana. Bwana Lane Poole analemba za mitundu ya kuno m'Cingerezi, ndipo J. A. Barnes, amene anakhala pakati pa Angoni, anaturutsa buku lace mu 1954, nalonso m'Cingerezi. Nkhalamba zimene zinawasimbira nkhanizo sizinathe kuwerenga ndi kuona ngati mau ao anasungidwa bwino. Cina comvetsa cisoni n'cakuti cinenero ca Cingoni cinali kutha m'midzi, cifukwa ana anali kulankhula ca amai ao, Ansenga ndi Acewa.

Munthu wakuda amene anatsegula njira ndiye Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nyasaland. Buku lace la Nthondo linapambana pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, nilisindikizidwa mu 1933. Pambuyo pace analemba Mbiri ya Acewa. Ici cinaonetsa kuti mphunzitsi wa kumudzi akhoza kufunsa akuru, nalemba, ndipo dzina lace likaoneke pa cikuto ca buku.

Mu 1936 Boma la Northern Rhodesia linayamba nyuzi ya Mutende, imene inali ndi masamba a Cinyanja. Mu 1937 kunakhazikitsidwa African Literature Committee ku Ndola, ndipo mu 1948 nchito yace inatengedwa ndi Publications Bureau ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, imene inali ku Lusaka.

Ulendo wa buku unali wautali. Mlembi anali kulemba ndi dzanja, kawirikawiri usiku atatha nchito yace, natumiza mapepala ace pa positi. Kumeneko anali kuwapatsa anthu odziwa cinenero kuti awawerenge ndi kunena maganizo ao. Akalibvomera, Bureau inali kupangana ndi osindikiza a ku Ulaya monga Macmillan, Longmans ndi Oxford University Press, amene paokha sakadataya ndarama zao pa kabuku ka Cinyanja. Za Acewa, buku la E. B. Mwale, linadzera njira imeneyi.

Njirayi inali ndi msampha wace. Ogula ambiri anali a sukulu, cotero mabuku a miyambo, nthano ndi malangizo anali kulandiridwa msanga, koma za minda imene Azungu anatenga pozungulira Fort Jameson, kapena za msonkho ndi ulendo wa ku Harare kukafuna nchito, zinali zobvuta kuzilemba poyera m'buku la Boma. Zambia italandira ufulu mu 1964, nchito yosindikiza inapita m'manja mwa eni dziko, ndipo pambuyo pace inagwiridwa ndi NECZAM.

Tsono kwa inu amene mufuna kulemba, mbiriyi itiphunzitsa zitatu. Coyamba, musafunse nkhalamba imodzi yokha, pakuti wa ku Mtenguleni ndi wa ku Mkaika sasimba mofanana za masiku a nkhondo. Lembani zonse ziwiri, ndi kunena amene anakuuzani. Caciwiri, lembani monga mulankhulira pa bwalo, osati monga kalata wa ku Boma. Cacitatu, musakwiye wina akapeza colakwa m'mapepala anu: mutu umodzi susenza denga.

Nayenso woweruza buku la mnzace ali ndi mlandu waukuru. Kuyamika kokha sikuthandiza, kunyoza kokha kumapha mlembi watsopano. Afunse ngati nkhani iri yoona, ngati mau ali a kwathu, ndiponso ngati palibe pfuko limene laponderezedwa. Pakuti colakwa ca pakamwa cimakonzedwa madzulo omwewo ndi amene analipo, koma cikalowa m'buku la sukulu, ana adzaciphunzira zaka makumi ambiri, nadzatsutsa naco agogo ao omwe.